Mkanjo wa Mkulu wa Ansembe

Pa kapela ya kwa Kamphande, tchalitchi chaching'ono cha kufupi ndi Domwe, pali mwambo umene unabwera ndi anthu obwerera kuchokera ku Malawi nkhondo yapachiweniweni itatha. Lachisanu Loyera lililonse akhristu amachita sewero la masautso a Ambuye pabwalo la kutsogolo kwa kapelayo, ndipo anthu amadzaza, opemphera ndi osapemphera omwe. Ogulitsa batata, mbatata ya kachewere ija, amasiya matumba awo m'mbali mwa msewu, onyamula katundu amatsamiritsa njinga zawo kumitengo ya bulugamu. Ambiri a iwo, tinene zoona, sabwera kudzalira. Amadikira malo amodzi m'sewerolo, pamene mkulu wa ansembe amang'amba mkanjo wake.

Mkanjowo unkasokedwa mwanzeru yopulumutsa nsalu. Wosoka ankaugawa pakati kuyambira pakhosi mpaka kumapazi, n'kungogwiriza mbali ziwirizo ndi ulusi umodzi wotalikirana, kuti wosewerayo akangokoka pang'ono msoko uphwasuke. Ukaphwasuka, amuna a pamsika ankafuula dzina la wosokayo, khamu lonse n'kufa nazo kuseka. Chaka chimene anasoka mayi Zeferina zinaipa kuposa zaka zonse. Wosewerayo anangotambasula dzanja kuti aloze wolakwa, nthawi yong'amba isanakwane, mkanjo n'kutseguka wokha, kuonetsa malaya a timu ya mpira amene anavala m'kati. Kuyambira tsikulo, munthu aliyense amene buluku lamuphwasukira pamsika ankafunsidwa ngati anakasoketsa kwa Zeferina. Mayiyo anali wodziwa ntchito yake, koma osoketsa anamuthawa mmodzimmodzi.

Chaka chino gulu la amayi a pakapela linasankha Marisa kuti asoke mkanjowo.

Marisa, wa mfunda wa Nangozo, anali atasoka zaka khumi ndi zinayi pakhonde la sitolo ina pamsika wa Domwe. Analibe munda waukulu, analibe mwamuna wolemera. Chuma chake chinali makina osokera opalasa ndi phazi, ndi mbiri yakuti msoko wake suphwasuka. Onyamula katundu panjinga, amene mabuluku awo amatha pakati pasanathe mwezi, ankachokera ku Kalomwe kudzasoketsa kwa iye. Mbiri imeneyi ndiyo inkamudyetsa, ndipo tsopano ankafunsidwa kuti aiphe yekha ndi manja ake anthu onse akuona.

Lolemba m'mawa anamanga kapulana yake, chitenje cha m'chiuno, nanyamuka kupita kwa katekista Silvano, wa mfunda wa Phiri, kuti akakane. Anamupeza atakhala pansi pa mtengo wa pichesi ndi mlamu wake wa Marisayo, Patrisio, amene anasankhidwa kusewera ngati mkulu wa ansembe. Patrisio anali wonyamula katundu, munthu wa mapewa otambalala, ndipo ankaloweza mawu ake akutuluka thukuta ngati akukwera chitunda ndi matumba atatu.

"Alamu, mwabwera ndi chingwe choyezera?" anafunsa Patrisio. "Muyeze bwino pamimbapa. Munthu wamkulu ngati ine safuna kufinyidwa."

"Ukulu wanu ndi wa tsiku limodzi, alamu. Loweruka mudzakhala mukukankhanso njinga," anatero Marisa. Kenaka anagwada pang'ono natembenukira kwa katekista. "A Phiri, ndabwera kudzapepesa. Ntchito mwandipatsayi sindiitha. Pezani wina asokere bisipo wanuyu."

Silvano anali munthu wosapirira mawu otchulidwa mosasamala. Za kukanazo anakhala ngati sanazimve, koma liwu lakuti bisipo linamulasa.

"Si bisipo, a Nangozo. Ndipo si padiri wamkulu, monga amanenera ena. Khalani pansi." Anavula magalasi ake nawapukuta. "Liwu lakuti wansembe silinabwere ndi amishoni a ku Lifidzi. Analipeza. Makolo athu anali nawo ansembe awo, amene ankathira ufa patsinde pa mtengo mvula ikakana. Wansembe ndi munthu woimira anzake popereka nsembe. Tsono pakati pa Ayuda akale ansembe anali ambirimbiri, koma mkulu wa ansembe anali mmodzi pa nthawi imodzi. Mukamva akuti akulu a ansembe, amenewo ndi gulu lomuzungulira, ena oti anakhalapo kale paudindowo, ena a m'mabanja awo. Koma iye anali yekha. Ndiye yekha ankalowa m'chipinda chopatulika koposa, kamodzi pa chaka, kukapepesera mtundu wonse."

"Mwamva, alamu," anatero Patrisio. "Ine ndekha. Muzindipatsa moni mutagwada."

"Khalani chete, inu," anatero Silvano. "Chimene anthu a kuno sadziwa, pamene akuseka ngati ali kumowa, n'chakuti munthu ameneyu lamulo linkamuletsa kung'amba zovala zake. Myuda wina aliyense akamva uthenga wa maliro ankang'amba malaya posonyeza chisoni. Iye ayi. Ngakhale atamwalira mayi ake omubala. Ndipo mkanjo wa udindo wake unkapenderedwa mwamphamvu kuzungulira khosi, dala, kuti usang'ambike."

Marisa anali atayamba kale kudzuka kuti atsanzike. Anakhalanso pansi.

"Mwati unkapenderedwa pakhosi?"

"Mwamphamvu ndithu."

"Kuti usang'ambike."

"Ndi mmene ndanenera."

Mtima wa Marisa unayamba kugunda ngati phazi likupalasa makina. Anaona chinthu chimene katekista, ndi kuwerenga kwake konse, sanachione, pakuti katekista anali asanagwirepo singano. Ngati mkulu wa ansembe ndi munthu amene chovala chake sichiyenera kung'ambika, ndiye kuti zaka zonsezi osoka a kwa Kamphande ankasoka bodza. Ankasokera munthu wamba. Chovala cha munthu wotere chikamang'ambika, msoko uyenera kukana mpaka mapeto, igonje ndi nsalu yeniyeniyo.

"A Phiri, ndisoka," anatero, mawu akuthamangitsana. "Koma ndisoka mkanjo weniweni. Kutsogolo kudzakhala nsalu imodzi yosadula. Khosi ndipendera monga mwaneneramo. Alamu angawa adzang'ambe nsalu, osati ntchito yanga."

Silvano anabwezera magalasi pamphuno. Anazindikira mochedwa kuti phunziro lake labala zimene sanaziyembekeze.

"Nanga ikakana kung'ambika? Sewero lonse lidzaima pamenepo."

"Munthu amene amanyamula matumba atatu a batata kuchoka ku Domwe mpaka kumalire angalephere kansalu?"

"Apo ndiye mwanena zoona," anatero Patrisio akudziyang'ana mikono. Katekista anafuna kutsutsa, koma kutsutsa kukanatanthauza kubweza mawu ake omwe, ndipo zimenezo sanazichitepo chibadwire.

Lachiwiri Marisa anakwera galimoto ya batata kupita ku Kalomwe kukafuna nsalu. Ankadziwa kuti nsalu zambiri za masiku ano n'zosakaniza ndi nailoni, ndipo zoterozo zimangotamuka, sizing'ambika mowongoka, komanso sizilira. Iye ankafuna thonje lenileni. Anayenda sitolo ndi sitolo ali ndi bokosi la machesi m'manja. Pansalu iliyonse ankasolola kaulusi m'mphepete n'kukayatsa. Kakasungunuka n'kuundana ngati phula, ankapukusa mutu n'kupita patsogolo. Ogulitsa ena anamuyesa wamisala, wina anamuthamangitsa poopa moto. Pasitolo yachisanu ndi chimodzi kaulusi kanayaka bwinobwino n'kusiya phulusa lotuwa, kakununkha ngati udzu wouma. Inali nsalu yobiriwira ngati thambo la mwezi wa Juni. Marisa anaigwira m'mphepete naikoka pang'ono pafupi ndi khutu lake, ndipo anaseka yekha.

Atafika kunyumba anaichapa kawiri kuti ichoke kuuma kwa kusitolo, naiyanika pamthunzi. Lachitatu lonse makina ake sanapume. Anadula mbali ya kutsogolo motsata ulusi wa m'litali, kuti ikayamba kung'ambika itsike mowongoka mpaka pansi. Khosi analipendera ndi nsalu yopinda kanayi. Osoketsa amene anabwera ndi mabuluku awo anawabweza mwaulemu kuti abwere Isitala ikapita, ndipo aliyense wobwezedwa ananyamula nkhaniyo kupita nayo kumsika.

Madzulo a tsikulo, dzuwa likadalipo, mayi Zeferina anadutsa pakhondepo ndi dengu la nyemba pamutu. Anaima nayang'ana nsalu yobiriwirayo osatsitsa dengu.

"Ndamva kuti mwapeza nzeru imene ife tonse tinalibe, a Nangozo."

"Ndikungoyesa, mayi."

"Yesani. Ine anandiseka chifukwa unatseguka msanga. Inu adzakusekani chifukwa wakana kutseguka. Anthu aja safuna chifukwa, amafuna dzina loti afuule." Anakonza dengu lake napitiriza ulendo.

Mawu amenewa anamukhala Marisa pamtima, chifukwa anali oona. Mkanjo unali umodzi, ndipo panalibe njira youyesera popanda kuuwononga. Choncho Lachinayi anaitanitsa Patrisio namuphunzitsa pa zidutswa zotsala.

"Musakoke pakhosi. Pakhosi mungakoke mpaka Khirisimasi. Gwirani pakati pa chifuwa, apa. Zala zazikulu zigundane. Zikani zikhadabo, kenaka kokani kamodzi, mwadzidzidzi, ngati mukuthyola chimanga."

Patrisio anakoka pang'onopang'ono ndi mphamvu zake zonse. Chidutswacho chinangotamuka.

"Alamu, tangodulaniko pang'ono ndi tezora, lumo lanu lodulira nsalu, pobisika. Ndani adzaone?"

"Ndidzaona ine. Mphamvu muli nazo, chimene mulibe ndi changu. Mchemwali wanga amadandaula zomwezo mukatumwa kudimba."

"Mlamu woipa ngati inu sindinamuone. Bweretsani china."

Chidutswa chachiwiri chinakananso, koma chachitatu chinang'ambika, chachinayinso. Chachisanu panalibe. Patrisio anapita kwawo akugundanitsa zala zake zazikulu mumsewu monse, anthu akumuyang'ana.

Lachisanu kunacha kopanda mtambo, chimanga chakumunda chitayamba kufiira ngayaye. Pofika masana bwalo la kapela linali litadzaza kuposa zaka zonse, pakuti mbiri ya mkanjo wosang'ambika inali itafika mpaka kumalire. Ena anakwera pamipanda, ena anaima pamwamba pa njinga zawo atagwira nthambi. Marisa anadzipezera malo kutsogolo kwenikweni, pakati pa amayi a kwaya. 

Patrisio atatuluka m'kapela, phokoso linatsika lokha. Zaka zam'mbuyo mkulu wa ansembe ankayenda mosamala, manja atawapanikiza m'nthiti poopa ngozi. Uyu anayenda momasuka, mkanjo utamukhala bwino pamapewa, ukugwa molemera mpaka kuzidendene. Pamutu anali ndi nduwira yoyera. Amayi ena anayamba kunong'onezana, ndipo Marisa anamva mmodzi akuti, "Kodi ndi Patrisio wa njinga yemwe uja?"

Mlandu unayamba. Mboni zinanena mabodza awo, wosewera ngati Ambuye anaima chete manja atamangidwa ndi luzi. Patrisio anafunsa funso lake ndi mawu amphamvu, nayankhidwa. Katekista Silvano, amene anaima pambali ndi pepala, anagwedeza mutu kumupatsa chizindikiro. Nthawi inali itakwana.

Patrisio anakweza manja ake onse awiri nagwira pakhosi.

Marisa anaona pomwepo kuti zalakwika. Mlamu wake anali ataonera sewerolo zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo mkulu wa ansembe ankagwira pakhosi. Pamaso pa khamu, manja ake anaiwala phunziro la dzulo n'kukumbukira la kale. Anakoka. Mpendero sunasunthe. Anakokanso, mitsempha ya m'khosi itatupa, nduwira n'kupendekeka. Kumbuyo kwa khamu wina anatsokomola chiseko. China chinayankha kuchokera pampanda.

"Mubwerekeni chikwanje," anatero mwamuna wina, ndipo kuseka kunayamba kuyenda m'khamumo ngati moto wa m'tchire. Katekista anapinda pepala lake m'manja mpaka kulifinya. Marisa anamva chilembo choyamba cha dzina lake chikuyesedwa pamilomo ya anthu kumbuyo kwake.

Sanaganize zambiri. Anatuluka pamzere wa kwaya ndi phazi limodzi, nanyamula nsonga ya kapulana yake mpaka pachifuwa, zala zazikulu zitagundana, maso ali pa mlamu wake. Patrisio anali akuyang'ana uku ndi uku ngati ng'ombe yozingidwa. Kenaka maso ake anagwera pa Marisa. Nkhope yake inali itasintha kale: manyazi a kusekedwa anali atasanduka ukali weniweni, woti palibe katekista akanamuphunzitsa. Anatsitsa manja pakati pa chifuwa, nazika zikhadabo, nakoka kamodzi.

Nsaluyo inalira. Kunali kulira kwakutali, kouma, kotsika kuchokera pachifuwa mpaka kumapazi osaima panjira, ndipo kunamveka mpaka kwa amene anali pamsewu. Nkhunda zimene zinali padenga la kapela zinauluka. Chiseko chinaduka pakati ngati chadulidwa ndi mpeni. Patrisio anaima akupuma mwamphamvu, mbali ziwiri za nsalu zili m'manja mwake, ulusi wothothoka ukugwedezeka ndi mphepo. Khosi la mkanjo linali lozungulira bwinobwino monga linachokera pamakina.

Palibe amene anafuula dzina la munthu. Anthu a kumapiri kuno amadziwa mtengo wa nsalu yatsopano, ndipo kuona chovala chokongola chotero chikuwonongedwa ndi mwini wake kunawalowa m'mafupa kuposa ulaliki. Gogo wina pafupi ndi Marisa anagwira pakamwa. Mayi wina anayamba kulira chapansipansi. Pamene Patrisio anatchula chigamulo chake, mawu ake anagwa pabwalo lachete, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya kapela ya kwa Kamphande, khamu linatsatira mtanda kukwera kaphiri osacheza.

Marisa anayenda nawo, koma mapazi ake sankamva nthaka. Ankadziwa kuti tsikulo ndi lachisoni ndipo kusangalala sikuyenera, choncho anaweramitsa mutu kuti anthu asaone nkhope yake.

Mapemphero atatha, Patrisio anabwera kuseri kwa kapela atanyamula mkanjowo paphewa, khosi lake litafiira ndi mkwingwirima wa mpendero.

"Alamu, munatsala pang'ono kusiya mchemwali wanu wamasiye. Chinthu ichi chimafuna kundipotola."

"Ndinakuuzani kuti pakhosi ayi."

"Munthu akakhala mkulu wa ansembe samva za akazi osoka. Koma mwamva mmene inalirira? Ngakhale ine ndinachita mantha."

Amayi anawazungulira, aliyense akufuna kugwira. Mkanjo unayenda m'manja ambiri. Ena ankakoka mapewa, ena ankapima m'khwapa, ena ankafunsa ngati Marisa angasokere ana awo zovala za ubatizo. Katekista Silvano anafika, nayang'ana kung'ambikako nthawi yaitali, nanena kuti wakhala akufotokoza tanthauzo la mawu akuti mkulu wa ansembe zaka makumi awiri, ndipo n'zokondweretsa kuti potsiriza anthu amumvetsa. Marisa anamuthokoza mwaulemu.

Kenaka amayiwo anapatuka, pakuti mayi Zeferina anali atafika. Anatambasula dzanja, ndipo amayiwo anamupatsa mkanjowo. Anautembenuza kunja kukhala m'kati, monga amachitira wosoka aliyense pofuna kuweruza mnzake. Anayamba paphewa lamanzere, natsata msoko ndi chikhadabo mpaka m'khwapa, natsika nawo m'nthiti mpaka kumpendero wa pansi. Anachita chimodzimodzi mbali inayo. Kenaka anafufuza pamene kung'ambika kunayambira, akuyang'ana ngati pali podulidwa ndi tezora. Anaunyamula mkanjowo kuloza kudzuwa. Marisa anadikira, manja atawabisa m'kapulana.

"Ulusi uwu munaugula kuti?" anafunsa Zeferina.

"Pa tebulo la a Estêvão, mayi. Pomwe mumagula inu."

"Ndiye munadutsa kangati?"

"Katatu m'mapewa. Pakhosi kasanu."

Zeferina anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaupinda mkanjowo mosamala, mbali yong'ambika m'kati, naubweza kwa Marisa ndi manja awiri.

"Mwana wanga wamkazi akwatiwa mwezi wa Ogasiti," anatero, mokweza kuti amayi onse amve. "Maso angawa sakuonanso bwino pa nsalu yoyera. Ndidzabwera naye Lachiwiri kuti mudzamuyeze."